Chitsime Chopanda Chule

Ndinakadandaula koyamba Lachiwiri loyamba la mwezi wa Seputembala, zaka zitatu zapitazo, cha m'ma naini koloko m'mawa, pa zenera lachitatu la ofesi yoyang'anira mipope m'tauni. Pepala lake ndili nalo, ndipo chidindo chake chikuonekabe. Kachiwiri ndinapita Lachisanu la sabata yotsatira. Kachitatu ndinapita mu Novembala, mvula yoyamba itagwa, ndipo ulendo umenewo unabalako kanthu. Patatha masiku asanu ndi anayi kunabwera bambo wina wovala jekete yonyezimira. Anatunga madzi a m'chitsime chathu m'botolo, anamata kapepala pabotolopo, anandisiyira kena, n'kundiuza kuti yankho ndilimva pakatha masabata awiri. Masabata awiriwo mpaka lero sanathe.

Mapepala onse ali m'sutikesi yachitsulo kunsi kwa bedi. Pabedipo pagona akazi anga, miyendo atasanjika pa pilo, chifukwa kuyambira m'mapazi mpaka m'munsi mwa mawondo muli zilonda zimene zimapola n'kuyambanso. Namwino wa kukiliniki anandifunsa funso limodzi lokha: "Madala, m'madzi amene mayiwa ankaimamo muli chiyani?" Anati akadziwa zimenezo adziwanso kumene angawatumize. Ine sindidziwa. Yankho lili m'botolo lija.

Kusunga mapepala ndinaphunzira kumgodi. Ndinabwera ku Joni ndili ndi mano onse m'kamwa, ndipo zaka zanga zamphamvu zinathera pansi pa nthaka. Ntchito yanga inali kuyang'ana denga. Anzanga asanalowe, ndinkagogoda mwala wa pamwamba ndi chitsulo chachitali n'kumvetsera. Mwala wolimba umalira mokweza, wofuna kugwa umalira mogunda ngati mgolo wopanda kanthu. Kenako ndinkalemba m'kabuku tsiku, malo ndi zimene ndamva. Munthu akaphwanyidwa ndi mwala, akuluakulu sankafunsa zimene unaona. Ankafunsa zimene unalemba. Kuyambira nthawi imeneyo sinditaya pepala, ngakhale tikiti ya basi.

Nditapuma ntchito sitinabwerere kumudzi. Machona amene amanenedwa aja ndi ife. Tinamanga kanyumba ka malata ku Seraleng, kumapeto kwenikweni, kumene nyumba zimathera n'kuyamba dambo. Si dambo lalikulu ayi. Munthu woyenda bwino akhoza kulidutsa asanamalize kudya nthochi. Kutsidya kwake kuli phiri lotuwa la mchenga wotsala kumgodi, limene mphepo ya Ogasiti imalinyamula pang'onopang'ono n'kudzalithira m'mbale zathu. Koma pakati pa malata athu ndi phiri limenelo panali moyo.

Munthu amene wakhala zaka zambiri mumdima amayang'ana zinthu za kunja ndi njala. M'mawa uliwonse ndinkatsikira kudambo ndi kabuku, ndi kulemba monga ndinazolowera. Bango linali kumadzi ozama, mlulu m'mbali. Atchete ankaluka zisa zawo pabango, wamwamuna akuluka, wamkazi akubwera kudzayendera. Chisa chikapanda kumusangalatsa, chinkaphwasulidwa n'kuyambidwanso. Akazi anga ankakonda nkhani imeneyi kuposa ina iliyonse. Panali akakowa asanu ndi awiri amene ankatsatira ng'ombe za mkulu wina wa Chitswana. Panali nantchengwa mmodzi, wodekha ngati woweruza milandu, amene ankapalasa matope ndi phazi kuti tizilombo tituluke. Nkhanu zinkaboola m'mphepete. Atombolombo ofiira ndi abuluu ankaima m'malere dzuwa likatentha. Mvula ikayandikira achule ankayamba phokoso dzuwa lisanalowe, moti kulankhulana pakhonde kunkafuna kukweza mawu.

Ine ndinkaona mbalame. Akazi anga anaona china. Tsiku lina anatsika nane, anavula patapata, anaponda dothi lakuda, n'kulifinya m'manja.

"Bambo, inu mukuti dambo. Ili ndi dimba."

"Mayi, kuno anthu salima m'dambo."

"Ndiye kuti ndi lathu. Kabwerekeni khasu."

Anzathu a kuno anatiseka. Kwa iwo dambo ndi la ng'ombe ndi udzudzu. Koma ife kwathu, mvula ikatha munthu amatsikira kudimba, ndipo nyumba yopanda dimba imadya ndiwo zouma chilimwe chonse. Tinapanga mizere isanu ndi umodzi. Ndinakumba chitsime chofika m'chiuno, chokhala ndi masitepe atatu a dothi otsikira kumadzi. Tinadzala mpiru, nkhwani, therere ndi matimati. Bonongwe anamera yekha. Patangotha sabata, m'chitsimemo munalowa chule, wamkulu ndithu, wamawanga. Ndinakondwa, chifukwa bambo anga malemu ankatiletsa kuthamangitsa chule m'chitsime. Ankati khungu la chule ndi lofewa kuposa la munthu, madzi akaipa iye ndiye amayamba kumva. Ukapeza chitsime chopanda chule kapena kachilombo kalikonse, usatungemo, ngakhale madzi akhale oyera chotani. Ndinalemba m'kabuku kuti mlonda wafika.

Kuthirira inali ntchito ya akazi anga. Ankatsika masitepe aja, kuima m'madzi ofika m'mawondo, kudzaza ndowa, kukwera, kuthira, kutsikanso. M'mawa ndi madzulo. Ndinawapatsa majombo anga a kumgodi, iwo anawakankha ndi phazi.

"Munaona kuti munthu atavala majombo kudimba? Mukufuna amayi anzanga azinena kuti ndakwatiwa ndi mgodi?"

"Pasopa, mayi, samalani, muli mabotolo osweka."

"Pasopa wanuyo mukanamusiya pansi pa nthaka. Phazi ndilo limadziwa dothi."

Zaka zitatu tinadya bwino. Anzathu a kwathu ankachokera ku Tlhabane pa tekisi Loweruka kudzatenga nkhwani, ena ankangoima n'kumayang'ana mizere ngati afika kumudzi. Ndinkawamvetsa.

Chaka chachinayi chinali chouma. Udzu wa kumtunda unapsa mu Meyi momwe, fumbi la kuphiri linali m'mano. Koma dambo linabiriwira kuposa kale. Bango linatalika kupitirira munthu atakweza mkono. Masamba a mpiru anakula ngati mbale, obiriwira mochita kuda. Madzi m'chitsime sanatsike, anakwera mpaka kumiza sitepe yachiwiri. Ife tinathokoza Mulungu. Kwathu dimba lobiriwira m'chilimwe ndi dalitso, palibe amene amafunsa kuti madziwo akuchokera kuti.

Mkulu wa ng'ombe uja anandipeza ndikupalira. Nayenso anagwirapo kumgodi, choncho tinkalankhulana chilankhulo chosakaniza chimene tonse tinaphunzira pansi pa nthaka.

"Madala, ng'ombe zanga zakana madzi ano."

"Ng'ombe zanu zazolowera kumwa m'bafa," ndinatero.

"Sekani. Zimafika, kununkhiza, n'kutembenuka. Mwaziona mbalame zoyera zija mwezi uno?"

"Zimatsatira ng'ombe zanu. Mukapita kwina nazo zimapita."

"Nanga ine ndikupitiranji kwina? Ine ndiwo zanuzo sindingadye."

"Simunadyepo n'kale lonse. Inu ndi nyama basi."

Anaseka, anakweza ndodo yake paphewa, n'kumapita. Mumtima ndinati munthu wa ng'ombe angadziwe chiyani za dimba. Ndikulemba zimenezi monga zinachitikira, chifukwa sindikufuna wina adzanene kuti ndinabisa.

Zilonda zinayamba chaka chotsatira, m'nyengo yozizira. Poyamba kunali kuyabwa pakati pa zala za kumapazi, kenako timatuza, kenako khungu linayamba kutseguka. Akazi anga anabisa masabata angapo, ankamanga nsanza n'kutsikirabe kuchitsime. Ndinadziwa nditaona magazi pa chofunda. Kukiliniki anatipatsa mafuta odzola ndi mapilitsi. Zinapola, zinabwerera. Ulendo wachitatu ndi pamene namwino anafunsa funso lija.

Tsiku lotsatira ndinavala majombo ndi kutsata dambo chokwera, chinthu chimene sindinachitepo zaka zonsezo. Ndinapeza madzi a mitundu iwiri. Kumbali ya nyumba, chivundikiro cha simenti cha mpope wa zonyansa chinali chitasweka, madzi otuwa akusefukira mwakachetechete kulowa m'bango. Udzu unali utamera kale pa simentiyo, kusonyeza kuti si za dzulo. Kumbali ya phiri kunali ngalande yaying'ono yotsika ndi madzi oyera mbee, koma m'mphepete mwake muli zoyera zouma ngati mchere, ndipo palibe chomera chilichonse. Madzi onse awiri amakumana pamwamba pa dimba lathu. Amene adya miyendo ya akazi anga ndi ati, sindidziwa. Mwina onse, mwina palibe. Ine si dokotala. Ndicho chifukwa chake ndinapita ku ofesi.

Kalaliki wa pa zenera lachitatu ndi mayi waulemu, sindimunenera zoipa. Anandizolowera, ine ndi nkhani zanga za achule a kudambo, moti akandiona pamzere ankayamba kuseka.

"Madala wa achule wafika! Lero mwatibweretsera chiyani?"

"Ndabwera kudzatenga yankho la botolo."

"Botolo linapita kokayezedwa."

"Kuti?"

"Kumene amayeza. Bambo amene analitenga anasamutsidwa, ali mbali ya ku Ledig tsopano. Koma madala, ndani anakuuzani kuti muzilima m'dambo? Malo amenewo si olimapo."

"Mwana wanga, za malo tidzakambirana tsiku lina. Ndikufunsa za madzi. Ana a ku Seraleng amasewera m'madzi omwewo, kaya ine ndilime kaya ndisalime."

"Lembani kalata."

"Ndinalemba zinayi. Nazi zotsalira zake, ndi chidindo chanu."

"Lembani ina. Muikemo tsiku limene vuto linayamba, zimathandiza."

Mpope anadzaukonza, zimenezo ndivomere. Anaika chivundikiro chatsopano, chinakhala miyezi isanu n'kuswekanso. Za ngalande ya kuphiri anati si za ofesi yawo. Koma mawu a kalaliki aja, akuti ndiike tsiku limene vuto linayamba, ndinapita nawo kunyumba mokondwa. Ndinati apa ndiye ndawagwira. Ndani wina ku Seraleng ali ndi mabuku a dambo a tsiku ndi tsiku?

Linali Lamlungu masana, titabwera kutchalitchi. Ndinatulutsa sutikesi, ndinayala timabuku pamphasa motsatana zaka, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pa kabuku koyamba. Zonse zinalimo, mwadongosolo, ngati kuti dambo linkandilembera kalata pang'onopang'ono. Zinayamba kusowa ndi nkhanu. Mu Epulo wa chaka chouma chija ndinalemba kuti maenje a nkhanu ndi ouma, ndipo ndapeza zigoba zitatu. Mu Meyi ndinalemba kuti pamadzi pali ndere yochindikala, mbululu sizikuoneka. Mu Juni, atombolombo abuluu palibe, kwatsala ofiira awiri. Mu Julayi, nantchengwa wangodutsa osatera. Kenako ndinafika pa tsamba la Lachinayi lina la Ogasiti, ndi dzanja langa lomwe, zilembo zoongoka bwino:

Lero m'chitsime mulibe chule. Mpiru ukukula bwino kwambiri.

Ndinawerenga miyezi pa zala. Kuchokera pa Lachinayi limenelo kufika tsiku limene ndinaona magazi pa chofunda panadutsa miyezi khumi ndi umodzi. Miyezi yonseyo akazi anga ankatsika masitepe aja kawiri pa tsiku. Ine ndinaona, ndinalemba, ndinatseka kabuku, n'kupita kukadya mpiru. Kumgodi ndikanamva denga likulira choncho, ndikanatulutsa anthu onse ngakhale kapitawo atukwane. Timiyala ting'onoting'ono tikayamba kuyoyoka, sudikira chachikulu. Ndinkadziwa zimenezo. Ndinkadziwanso mawu a bambo anga. Koma maso anga anali pa masamba, chifukwa kwathu kubiriwira sikunatinamizepo.

Akazi anga anadzutsa mutu pabedi.

"Mwapeza tsiku lanu lija?"

Ndinawawerengera. Sindinachotsepo liwu.

Kenako anati, "Inu munalemba. Ine ndinaona ndi maso, chifukwa ndine ndinkaima m'menemo. Chule uja ndinamupeza atayandama, mimba m'mwamba. Ndinamutaya m'bango kuti musamuone."

"Chifukwa chiyani, mayi?"

"Mukanatseka chitsime. Ndiye ine ndikanatsala ndi chiyani kuno? Malata ndi fumbi?"

Ndinawasambitsa miyendo ndi madzi a kumpope otenthetsa, monga ndimachitira masiku onse, ndipo iwo anatembenukira kukhoma. M'kalata yachisanu ndinaika tsiku la Ogasiti lija, ndipo ndinalembamonso kuti ndine ndinaliona osachitapo kanthu. Ngati ndikufuna zoona kwa ena, zanga sindingazisiye m'sutikesi.

Dimba tinalisiya, koma silinagone. Mizere yathu anaitenga mayi wina wachitsikana wa ku Mangochi, amene amuna ake amagwira maganyu a zomangamanga. Ndi mwana wakhama, amadzuka kukapemphera m'bandakucha, dzuwa likamatuluka ali kale kudimba. Kudzala mpiru wa m'dambo anaphunzira kwa akazi anga. Tsopano mizere yakwana khumi ndi iwiri, ndiwo amakagulitsa ku renki ya matekisi ku Tlhabane. Ndapita kwa iye kangapo. Ulendo womaliza ndinamupeza ali m'chitsime, chitenje atakwinyira m'mawondo, mapazi ali pansi pa madzi.

"Mwana wanga, tuluka m'menemo."

"Agogo, mwayambanso? Mwaswera bwanji kaye?"

"Ndaswera. Tuluka. Waiona miyendo ya agogo ako aakazi."

"Ndaiona, Mulungu awachiritse. Koma ena akuti ndi shuga, ena akuti ndi ukalamba. Kukiliniki anati ndi madziwa?"

"Anati sakudziwa."

"Nanga a ku ofesi?"

"Sanayankhe."

"Ndiye ine ndisiye ndiwo zonsezi chifukwa chule wasamuka? Mwina wapeza ntchito ku Ledig, agogo. Inu ndinu munthu wa mapepala. Bweretsani pepala la chidindo lonena kuti madziwa ndi oipa, ndikwirira chitsimechi ndi manja angawa, inu mukuonerera."

Sindinamukalipire. Akunena zomwe ine ndinanena kwa mkulu wa ng'ombe, kungoti iye akunena mwaulemu. Ndinamusiyira majombo anga pamzere. Mawa lake ndinawapeza atadzalamo tsabola.

Ndimatsikirabe kudambo m'mawa, ndipo ndimalembabe. Zolemba zake zafupika. Bango lilipo, lalitali, lonenepa, lobiriwira ngati kale. Ndaphunzira kuti bango ndi lomaliza kudandaula. Limadya chilichonse, ndipo zonyansa zikachuluka ndi pamene limasangalala. Wofuna kudziwa za madzi asafunse chachikulu chimene chikuoneka patali. Agwade, ayang'ane m'matope, awerenge tating'ono timene tilipo ndi timene tachoka. Atchete anayesa kuluka chaka chatha, zisa zinayi, koma sindinamve kulira kwa ana. Zisazo zikulendewerabe, zatuwa ndi fumbi la kuphiri. Udzudzu ndiwo wachuluka, pakuti oudya anapita. Mvula yoyamba ya chaka chino inagwa Lachitatu masana. Madzulo ake tinakhala pakhonde, akazi anga miyendo ili pa mpando, tikumvetsera. Tinkamva matekisi kumsewu ndi wailesi ya oyandikana nawo. Kudambo kunali zii.

Ndakalamba, ndipo mzere wa pa zenera lachitatu ukunditalikira chaka ndi chaka. Choncho zimene ndanena m'makalata asanu ndi awiri ndikuzibwerezanso pano, kuti aliyense wowerenga akhale mboni.

Kwa akuluakulu a ofesi yoyang'anira mipope: ine, wokhala kumapeto kwa Seraleng moyang'anana ndi dambo, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe molemba, pa pepala la chidindo chanu, zimene munapeza m'madzi amene wantchito wanu anatunga m'chitsime chathu mu Novembala, zaka zitatu zapitazo. Kapepala kamene anandisiyira ndili nako. Ngati botolo linatayika, nenani kuti linatayika, ndipo mutumize munthu adzatunge ena. Ndidzamuperekeza ndekha ku chitsime, ku mpope wosweka ndi ku ngalande ya kuphiri, ndipo mabuku anga onse ndidzamuonetsa, ndi tsamba londitsutsa lomwe. Pepala limodzi ndikapereka kwa namwino, lina kwa mayi amene akuima m'madzimo m'mawa uno. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe.